Zdeno Chára, chimphona cha ku Trenčín chomwe chidatchinga pa ayezi zaka 24

Zdeno Chára adasewera masewero 1,680 mu ligi ya NHL, ligi yaikulu ya hockey ya pa ayezi ku United States ndi Canada, koma zigoli zomwe adamwetsa zidangokwana 209. Mukagawa bwino, ndiye kuti ankagoletsa kamodzi pa masewero asanu ndi atatu alionse. Munthu wongoyang'ana manambala akhoza kudabwa kuti zidatheka bwanji kuti mu 2025 dzina lake lilowe mu Hockey Hall of Fame ku Toronto, komwe amasungako mbiri ya akatswiri okhaokha, ndipo lidalowa chaka choyamba chenicheni chomwe malamulo adamulola. Yankho lake lili m'mene masewerawa amaseweredwera. Chára anali wotchinga kumbuyo, ndipo ntchito ya wotchinga ikayenda bwino palibe chimene chimalembedwa. Chimene chimachitika n'chakuti katswiri wa timu inayo amangozimiririka madzulo onse, anthu n'kumafunsana kuti kodi lero wadwala.

Hockey imeneyi si ya pa udzu ija. Amasewerera pa bwalo la madzi oundana, lotalika mamita 61 ndi mamita 26 m'lifupi mwake, lozunguliridwa ndi khoma la matabwa ndi magalasi. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi, ndipo amatsetsereka pa liwiro loposa la munthu wothamanga. M'malo mwa mpira amamenya ndi ndodo kachimbale kakuda ka labala wolimba kotchedwa puck, kolemera pafupifupi magalamu 170, komwe amayamba akaika mufiriji kuti kasamadumphedumphe. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi m'bwalo: goloboyi, otchinga awiri ndi akutsogolo atatu. Masewero amagawidwa patatu, chigawo chilichonse mphindi 20, ndipo wotchi imaima nthawi iliyonse woyimbira akaliza wezulo. Kuthamanga kwake n'kotopetsa kwambiri moti wosewera amakhala m'bwalo masekondi pafupifupi 45 basi, kenako amalumphira pabenchi mnzake n'kulowa, masewero osaima. Kugunda mnzako ndi thupi n'kololedwa malinga ngati puck ili kwa iyeyo. Wophwanya lamulo amakakhala m'kachipinda ka chilango, kawirikawiri mphindi ziwiri, ndipo timu yake imatsala yoperewera munthu mmodzi.

Izi zikutanthauza kuti mphunzitsi amasankha yekha woti akumane ndi ndani. Akaona kuti akutsogolo oopsa a timu ina alowa, nayenso amatumiza wotchinga amene amamudalira. Kwa zaka zambiri ku Boston munthu ameneyo anali Chára, ndipo ankakhala m'bwalo mphindi pafupifupi 25 mwa mphindi 60 za masewero, zambiri mwa izo akulimbana ndi osewera abwino kuposa onse pa dziko.

Iye adabadwa pa 18 March 1977 mumzinda wa Trenčín, womwe lero uli ku Slovakia, dziko likadali Czechoslovakia ya ulamuliro wa chikomyunizimu. Nthawi imeneyo wosewera wofuna kupita ku NHL ankachita kuthawa. Peter Šťastný ndi mng'ono wake Anton adachita zimenezo mu 1980, n'kukalowa timu ya Quebec Nordiques. Pofika nthawi ya Chára malire anali atatseguka, koma kudabwera vuto lina. Dziko litagawikana pa 1 January 1993, a Czech Republic ndiwo adatsala pa mpando wa Czechoslovakia m'gulu lapamwamba la mpikisano wa dziko lonse, pomwe Slovakia idauzidwa kuti ikayambire pansi, m'gulu C. Idapambana gululo mu 1994, idapambananso gulu B mu 1995, ndipo mu 1996 idali itabwerera pamwamba. Mbadwo wa Chára udakula ukudziwa kuti dziko lawo, la anthu ongopitirira pang'ono mamiliyoni asanu, palibe chimene lidzapatsidwe chaulere. Timu ya kwawo, Dukla Trenčín, ndi yomwe idaleranso Pavol Demitra, Marián Hossa ndi Marián Gáborík, onse odzatchuka ku NHL.

Pakati pa anyamata amenewa, Chára sanali woyembekezeka. Adakula mofulumira mpaka kufika masentimita 206, ndipo mpaka lero palibe wosewera wa NHL amene adamuposa msinkhu. Ife tingaganize kuti kutalika ndi mwayi, koma pa ayezi ndi mtolo. Munthu wamtali amavutika kukhota msanga, miyendo imachedwa kumvera, ndipo wamfupi wochenjera amangomuzungulira n'kumusiya akutembenuka. Aphunzitsi akwawo ankamuuza kuti akayese basketball. Amene sadagwirizane nazo anali bambo ake, Zdeněk Chára, katswiri wa masewera ogwetsana amene adaimirapo Czechoslovakia. Iwo adamuzoloweza kulimbitsa thupi tsiku ndi tsiku, kudzikoka pa chitsulo, kupalasa njinga, kugwetsana. Ogwetsana amadziwa chinthu chimodzi chimene munthu wamtali amachisowa: kutsitsa thupi, kupinda mawondo ndi kuima molimba wina akukukankha. Chimenechi n'chomwe chidadzamusiyanitsa ndi ataliatali ena ambiri amene adayesa masewerawa n'kulephera.

Osewera achinyamata salowa mu NHL pongosainirana ndi timu imene akuifuna. Chaka chilichonse matimu amakumana n'kumasankha anyamata mosinthanasinthana, ndipo timu yomwe idachita moipa imakhala ndi mwayi wosankha moyambirira. Amati draft. Mu 1996 timu ya New York Islanders idasankha Chára pa nambala 56, m'chigawo chachitatu. Kunena kwina, panali anyamata 55 amene matimu adawaona kuti ndi abwino kuposa iye. Adapita kaye ku Prince George, tauni ya kumpoto kwa British Columbia ku Canada, kukasewera mu ligi ya achinyamata ndi kukazolowera bwalo lopapatiza la ku America. Chaka cha 1997 adayamba kuonekera mu NHL. Zaka zinayi zomwe adakhala ku Islanders timuyo inali yofooka, ndipo ambiri ankamuona ngati munthu wongoopseza, woti pakabuka ndewu aponye zibakera.

Mu June 2001 a Islanders adamupereka ku Ottawa Senators. Ku NHL sagulitsana osewera ndi ndalama monga amachitira mu mpira wamiyendo, amasinthanitsa munthu ndi munthu, kapena munthu ndi mwayi wosankha pa draft. A Islanders ankafuna Alexei Yashin, womwetsa zigoli wa ku Russia, ndipo adapereka Chára, Bill Muckalt komanso mwayi wosankha pa nambala 2, womwe a Ottawa adatengera Jason Spezza. Yashin adapatsidwa kontrakiti ya zaka khumi ya madola 87.5 miliyoni, koma pofika 2007 timu idachita kumulipira kuti achoke. Ku Ottawa n'komwe Chára adasanduka wosewera wathunthu: adaphunzira kupatsira puck moyenera, adayamba kumwetsa, ndipo mphunzitsi adayamba kumudalira pa nthawi zovuta.

Chimene chidamuchotsa kumeneko sichinali masewera, koma ndalama ndi malamulo. Chaka cha masewera cha 2004 mpaka 2005 chidathetsedwa chonse chifukwa eni matimu ndi bungwe la osewera adalephera kumvana. Chára adakakhalitsa nthawiyo ku timu ya Färjestad ku Sweden. Mkanganowo utatha padakhazikitsidwa malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, poyamba madola 39 miliyoni pa chaka. Timu yokhala ndi akatswiri ambiri idayenera kusiyapo ena. A Ottawa anali ndi otchinga awiri apamwamba omwe makontrakiti awo ankatha mu 2006, Wade Redden ndi Chára, ndipo adasunga Redden. Pa 1 July 2006 Chára adasaina ndi Boston Bruins zaka zisanu, madola 37.5 miliyoni. Kunena zoona, a Ottawa adafika mu fainolo ya Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, chaka chotsatira opanda iye, choncho kulakwa kwawo sikudaonekere pomwepo. Kudadzaonekera pang'onopang'ono: Redden adachoka mu 2008, pomwe Chára adatchinga ku Boston zaka 14.

Tsopano tione ntchito yeniyeniyo. Lamulo la NHL limati ndodo isapitirire masentimita 160, koma wosewera wamtali masentimita 198 kapena kuposerapo akhoza kupempha chilolezo chofika pa 165. Phatikizani ndodo yotereyi ndi mkono wa munthu wa masentimita 206, pa bwalo la mamita 26 okha m'lifupi. Wakutsogolo akamabwera ndi puck, wotchinga amatsetsereka chafutambuyo akumuyang'ana, ndipo luso lonse lagona pa mpata umene wasiya pakati pawo. Ukayandikira kwambiri amakudutsa, ukatalikira amapeza danga lomenyera. Chára ankatha kuima patali ndithu, pomwe sangadutsidwe, koma ndodo yake n'kumafikabe pa puck. Wofuna kumuzungulira ankakakamizika kulowera kukhoma, ndipo kukhomako ankakumana ndi thupi la makilogalamu oposa 110. Wofuna kupatsira mnzake ankapeza njira yatsekedwa kale. Zili ngati kuyesa kudutsa pa mlatho wopapatiza pomwe ngolo yaima chopingasa.

Pamene timu yatsala yoperewera munthu chifukwa cha chilango, m'pamene kufunika kwake kunkaonekera kwambiri. Anthu anayi amayenera kutchinga asanu kwa mphindi ziwiri, ndipo amene angatseke malo aakulu payekha amakhala ngati wabwezeretsa munthu wosowayo. Ankakankhanso adani kuwachotsa kutsogolo kwa golo kuti goloboyi aone puck ikamabwera, chifukwa zigoli zambiri m'masewerawa zimalowa goloboyi atatchingidwa maso. Ndipo timu inayo ikakhala kuti ndiyo yaperewera munthu, iye ankaima kumbuyo n'kumasula mphamvu zake zonse. Pa mpikisano wa omenya mwamphamvu wa NHL adapambana kasanu, ndipo mu 2012 ku Ottawa puck yake idathamanga makilomita 175 pa ola. Ganizirani wotchinga wa timu ina amene ntchito yake ndi kudziponya kutsogolo kwa chinthu chotero. Mu 2009 Chára adamwetsa zigoli 19 ndipo adalandira Norris Trophy, mphoto ya wotchinga wopambana onse. Adaipata kamodzi kokha, ndipo ine ndimaona kuti kumeneku kunali kumuchepetsa. Ovota amakopeka ndi otchinga omwetsa zigoli zambiri, pomwe zigoli zimene munthu waletsa palibe poziwerengera.

A Bruins adamupatsa ukaputeni atangofika kumene, asanasewere nawo ligi ndi kamodzi komwe. Timuyo inali itasokonekera: mu November 2005 idapereka kaputeni wake Joe Thornton ku San Jose, ndipo sinali kufika mu ndime ya chipulula. Chimodzi mwa zomwe Chára adachita chinali kuthetsa mwambo wozunza osewera atsopano, womwe unali wofala m'matimu ambiri. Adakananso kuti achinyamatawo azitchulidwa ndi dzina lowanyazitsa, ankafuna azingotchedwa osewera a chaka choyamba. Munthu amene adanyozedwapo ali mnyamata akhoza kusankha kubwezera kwa omutsatira, koma iye adasankha kuti zithere pa iye. Ankalankhula zinenero zingapo, kuphatikizapo Chirasha, Chijeremani ndi Chiswidishi, zomwe zinkathandiza m'timu yokhala ndi anthu a mayiko osiyanasiyana. Ndipo kwa ife a kuno, n'zosangalatsa kudziwa kuti mu 2008 adabwera ku Mozambique ngati kazembe wa bungwe la Right To Play, lomwe limaphunzitsa ana kudzera m'masewera, kenako adapita kukakwera phiri la Kilimanjaro pamodzi ndi wosewera mnzake Robyn Regehr.

Mbiri yake ili ndi banga lomwe sitiyenera kulibisa. Pa 8 March 2011 ku Montreal, Chára adakankha Max Pacioretty ali pa liwiro, ndipo mutu wa Pacioretty udakamenya mzati wogwira galasi pafupi ndi mabenchi. Adathyoka fupa la m'khosi ndipo ubongo udagwedezeka. Chára adatulutsidwa m'masewero amenewo, koma ligi sidamupatse chilango china. Ku Montreal anthu adakwiya kwambiri, apolisi adafufuza, kampani ya Air Canada idaopseza kuti isiya kuthandiza ligi, ndipo pamapeto pake oimira boma pa milandu adati palibe mlandu womuzenga. Iye adati sadachite dala. Kaya munthu akhulupirire zimenezo kapena ayi, mphamvu zomwe zinkamupangitsa kukhala wotchinga wabwino ndi zomwezo zimene zikadatha kupha mwana wa mwini tsiku limenelo. Ligi idasintha magalasi a pamalo amenewo n'kuika okhota, ndipo Pacioretty adachira n'kudzakhala kaputeni wa Montreal.

Patangopita miyezi itatu, Chára adanyamula chikho. Kuti timu itenge Stanley Cup imayenera, itatha masewero a ligi, omwe nthawi imeneyo anali 82, kudutsa ndime zinayi za chipulula. Pa ndime iliyonse matimu awiri amakumana mpaka ina itapambana kanayi, choncho pamafunika kupambana masewero 16 m'miyezi iwiri, thupi lili zilonda zokhazokha. Chaka cha 2010 a Boston adachita manyazi: ankatsogola 3-0 pa Philadelphia koma adagonja masewero anayi otsatizana. Mu 2011 adagonjetsa Montreal pa masewero achisanu ndi chiwiri, adabwezera Philadelphia 4-0, adadutsa Tampa Bay ndi chigoli chimodzi chokha m'masewero omaliza, kenako adakumana ndi Vancouver Canucks, timu yomwe idatsogola ligi yonse chaka chimenecho. Mphamvu ya Vancouver inali mwa mapasa a ku Sweden, Henrik ndi Daniel Sedin. Mphunzitsi Claude Julien adaika Chára pamodzi ndi Dennis Seidenberg wa ku Germany kuti azilowa nthawi iliyonse mapasawo akalowa, ndipo m'masewero asanu ndi awiri a fainolo Henrik, amene adali wosewera wopambana mu ligi chaka chapitacho, adangomwetsa chigoli chimodzi. Pa 15 June a Boston adapambana 4-0 ku Vancouver komweko, chikho chawo choyamba kuchokera mu 1972. Mphoto ya wosewera wopambana idapita kwa goloboyi Tim Thomas, ndipo idamuyeneradi. Koma goloboyi amagwira bwino pamene omenya akukakamizidwa kumenyera patali ndi m'mbali, ndipo amene ankawakankhira kumeneko ankadziwika. Chára adakhala kaputeni wachiwiri wobadwira ndi kukulira ku Ulaya kulandira chikhocho, pambuyo pa Nicklas Lidström wa ku Sweden mu 2008, komanso woyamba wochokera ku mayiko omwe kale anali a chikomyunizimu. Chilimwe chimenecho adapita nacho kwawo ku Trenčín.

Chimwemwecho sichidakhalitse. Pa 7 September 2011 ndege yonyamula timu ya Lokomotiv Yaroslavl idagwa ku Russia itangonyamuka, ndipo anthu 44 adamwalira. Mmodzi mwa iwo anali Pavol Demitra, mnzake wa ku Dukla komanso wa mu timu ya dziko. Awiriwa anali limodzi pa Olympics ya 2010 ku Vancouver, pomwe Slovakia idatsogola Finland 3-1 m'masewero olimbirana mendulo ya buronzi koma n'kugonja 5-3. Mu May 2012 Chára adatsogolera Slovakia mpaka mu fainolo ya mpikisano wa dziko lonse ku Helsinki. Adagonja 6-2 kwa Russia, zigoli zonse ziwiri atamwetsa ndi iyeyo, ndipo polandira mphoto adavala jezi ya Demitra ya nambala 38. Inali mendulo yake yachiwiri ya siliva, yoyamba inali ya mu 2000. Golide yekhayo amene Slovakia ili naye, wa mu 2002 ku Sweden, adamuphonya chifukwa nthawi imeneyo anali mkati mwa ndime ya chipulula ndi Ottawa. Mu 2014 ndiye adanyamula mbendera ya dziko lake potsegulira Olympics ku Sochi.

Adafikanso mu fainolo ya Stanley Cup kawiri, ndipo maulendo onse awiri adagonja: mu 2013 kwa Chicago, mu 2019 kwa St. Louis. Ya mu 2019 ndi imene anthu a ku Boston saiwala. M'masewero achinayi puck idamumenya kumaso n'kumuthyola chibwano malo angapo. Anali ndi zaka 42. Madokotala adamumanga ndi zitsulo ndi mawaya, ndipo patatha masiku atatu adalowanso m'bwalo atavala chotchinga kukamwa. Mafunso a atolankhani adayankha pochita kulemba chifukwa kulankhula kunkamuvuta. Ochemerera adaimirira n'kuwomba m'manja kwa nthawi yaitali dzina lake litatchulidwa. Ndimalemekeza kupirira kumeneku, koma sindingakuyamikire kwa wachinyamata aliyense, chifukwa chizolowezi chobisa ululu chawononga osewera ambiri a hockey, makamaka pa zovulala za m'mutu.

Pofika nthawi imeneyo masewera anali atasintha. Kuyambira 2005 oyimbira adayamba kulanga mwamphamvu kukola mnzako ndi ndodo kapena kumugwira, zomwe zinkathandiza otchinga ochedwa. Matimu adayamba kufuna otchinga opepuka, othamanga, otha kunyamula puck okha kupita nayo kutsogolo. Ambiri ofanana naye thupi adatha ntchito. Iye adakhalabe chifukwa ankawerenga masewero msanga, n'kukaima pamalo oyenera wakutsogolo asanaganize zopitako, komanso chifukwa sadalekerere thupi lake. Mphindi zake zidachepa, ndipo ntchito yomwetsa zigoli idapita kwa achinyamata monga Charlie McAvoy, yemwe adayamba ligi akusewera pambali pake. Kumapeto kwa 2020 a Boston adamuuza kuti sazimugwiritsa ntchito monga kale, ndipo iye adapita ku Washington Capitals pa malipiro osafika ngakhale dola miliyoni imodzi. Ukaputeni udatsala kwa Patrice Bergeron. Chaka chotsatira adabwerera ku Islanders komwe adayambira, ndipo mu February 2022 adaposa Chris Chelios, amene adasewera masewero 1,651, kukhala wotchinga wosewera masewero ochuluka kuposa wina aliyense mu mbiri ya ligiyi.

Pa 20 September 2022, ali ndi zaka 45, adasaina kontrakiti ya tsiku limodzi ndi Boston kuti apume pa ntchito ali wa timu imeneyo. Patatha miyezi isanu ndi iwiri adathamanga mpikisano wa Boston Marathon, makilomita 42, n'kumaliza m'maola atatu ndi mphindi 38. Chaka chomwe adasiyacho chinali chabwino kwa hockey ya kwawo: mu February Slovakia idapata buronzi ku Beijing, mendulo yake yoyamba ya Olympics m'masewerawa, ndipo pa draft ya mu July anyamata awiri oyamba kusankhidwa onse anali a ku Slovakia. Montreal idatenga Juraj Slafkovský pa nambala 1, ndipo New Jersey idatenga Šimon Nemec, wotchinga kumbuyo, pa nambala 2.